Thanki Yofiira ya Barba Jerko

Pachilumba pathu pano aliyense ali ndi chake chimene amadziwika nacho. Barba Jerko (kwathu kuno bambo wachikulire timamutcha barba, mayi wachikulire teta) amadziwika ndi makiyi. Akamatsika kupita kudoko mumawamva asanaoneke, ngwerengwere m'thumba la buluku ngati mbuzi yovala belu. Kiyi wa pageti, kiyi wa kabokosi ka makalata, kiyi wa chivindikiro cha chitsime. Ana amati mkuyu wa kuseri kwa nyumba yawo ukanakhala ndi chitseko, bwenzi nawonso ukugona chokiya.

Akuluakulu amati pa unyamata wawo sanali otero. Anachoka kuno ali ndi zaka makumi awiri, nakakhala zaka makumi atatu ndi zinayi mu fakitale ina mumzinda wa Stuttgart, ku Jeremani. Ntchito yawo inali yofufuza zolakwika. Zitsulo zikamadutsa pa lamba, iwo ankatola chimodzichimodzi, kuchitembenuza, kuchisuzumira ndi galasi, chokhala ndi mng'alu n'kuchiponya pambali. Atapuma pantchito n'kubwerera kumudzi, thupi linapuma koma diso linakana. Buledi wa kusitolo ankamutembenuza kaye. Munthu akawapatsa moni womwetulira kwambiri, ankafika kunyumba n'kufunsa akazi awo, teta Vinka, kuti, "Uja akufuna chiyani kwa ine?"

Mng'ono wawo, barba Duje, sanachokepo pachilumba. Amatchera miono, amasamala mitengo ya azitona, ndipo khomo lawo silidziwa loko. Bambo awo pomwalira anawagawira anawo zonse bwinobwino, munda pakati, nyumba kwa wamkulu, boti lamatabwa kwa wamng'ono. Chinatsala chinthu chimodzi chosagawika: mphete yachitsulo ya pakhoma la doko, pomangirira boti. Doko lathu ndi laling'ono, ndipo mphete ndi yosowa kuposa munda. Zaka zonse zija barba Duje ankamangirirapo okha. Tsopano panadza boti lachiwiri.

Boti la barba Jerko linali loyera, losalala, lokhala ndi injini yopachika kumbuyo. Silinali la ntchito ayi. Analigula kuti azikasambira ndi teta Vinka ku tizilumba ta kutsogoloku, n'kumawedzako pang'ono mtima ukafuna. Petulo ankakhala mu thanki yofiira yonyamula pamanja ngati sutukesi, ndipo kuchokera ku thankiyo kunali paipi yakuda yokhala ndi kampira kopopera mafuta pakati. Chaka choyamba chonse injini sinatsokomoleko n'kamodzi komwe. Thanki inkagona m'boti momwemo.

Koma barba Jerko anali ndi kamtengo kawo koyezera. Madzulo aliwonse ankakaviika mu thanki n'kulemba mzere ndi pensulo. Tsiku lina m'mawa, m'mwezi wa Epulo, anapeza petulo watsika zala ziwiri. Atayang'ana chingwe cha boti, anaona kuti mfundo si yawo. Inali mfundo ya bambo awo, imene pachilumba chonse anatsala akuimanga ndi munthu mmodzi yekha.

Anazula paipi, kunyamula thanki, n'kukwera nayo masitepe onse mpaka kunyumba. Anakaikiyira mu konoba, chipinda cha pansi chozizira chija mosungira vinyo ndi mafuta a azitona, momwe miyendo ya nkhumba yowamba imalendewera kudenga. Kuyambira pamenepo, m'mawa kutsika nayo, madzulo kukwera nayo.

"Wagula boti kapena wabereka khanda?" anatero teta Vinka. "Uzilipatsanso bere."

"Seka," anatero barba Jerko. "Ine ndikudziwa zimene ndikudziwa."

Sabata yomweyo mavuto anayamba. Injini inkalira pa kukoka koyamba, n'kutuluka padoko bwinobwino. Koma akangopitirira ndomo ya chilumba, nsonga ija yolowa m'nyanja paja pali nyali yobiriwira, inkayamba kubanika. Kho, kho, zii. Tsiku lililonse malo omwewo. Ndipo malowo ayang'anizana ndi munda wa azitona, momwe kawirikawiri mumaoneka barba Duje ataima, dzanja pamphumi, akuyang'ana kunyanja.

Barba Jerko ankakoka chingwe cha injini mpaka phewa kuwawa. Akatopa ankatsegula chivindikiro cha thanki, kusuzumira, kununkhiza, kuviika chala n'kulawa. Akatseka n'kupopa kampira, injini inkalira ngati sipanachitike kanthu. Pakapita mphindi khumi ndi zisanu, zii kachiwiri. Anagula kabuku n'kumalembamo tsiku, nthawi, malo, ndiponso ngati mng'ono wawo anali m'munda. Patatha masabata awiri mlandu unali utazengedwa kale m'mutu mwawo. Shuga. Ku fakitale kuja anamvapo za munthu amene anathirira mnzake shuga mu thanki ya galimoto kuti injini ife.

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali chakuti thanki inkagona chokiya. Koma nyumbayo ndi ya makolo, ndipo barba Duje anabadwira momwemo. Angalephere kukhala ndi kiyi wakale? Anasintha loko. Injini inafabe. Anawaza ufa pansi, kuyambira pakhomo la konoba mpaka pa thanki. Kutacha anagwada n'kuyang'anitsitsa. Munali mapazi a mphaka, ndi mapazi a masilipasi a teta Vinka, amene amalowamo madzulo aliwonse kukatunga vinyo wa pachakudya.

Kenako anakwera kukhitchini.

"Vinka, masilipasi ako umasiya pati?"

"Kumapazi kwanga."

"Sunabwerekepo munthu?"

"Mwamuna iwe, Duje phazi lake ndi ngati nkhafi. Angalowe m'masilipasi anga? Kasese ufa wanga uko, wandiwonongera wa keke."

Makaniko wathu ndi Dinka, mayi wa ana atatu, amene anatenga shedi ya malemu bambo ake kumapeto kwa doko. Barba Jerko anamasula injini, kuiika pa wilibala, n'kukamutulira. Dinka anaipachika mu diramu ya madzi, n'kulumikiza thanki yake ya pashedi. Anamasula mapulagi, ali mbee. Anatsegula sefa ya mafuta n'kuiyang'ana padzuwa, mulibe ngakhale kachitsotso. Analoza kamadzi kamene kamatuluka kumbuyo kwa injini.

"Mwakaona kamkodzo aka, barba? Kakamatuluka chonchi ndiye kuti injini ikuzizira bwino. Kakasiya, zimitsani pompo." Anaisiya ikulira theka la ola. "Injini iyi ilibe mlandu. Bweretsani thanki yanu ndi paipi yake."

"Thanki sikhudzidwa ndi munthu. Ndi umboni."

"Umboni wa chiyani?"

"Shuga."

Dinka anapukuta manja pa ovolosi. "Barba, shuga sasungunuka m'petulo. Amangokhala pansi ngati mchenga, ndipo bwenzi ndamuona mu sefamu. Injini ili ngati ife tomwe, imafuna chakudya, moto ndi mpweya. Ngakhale thanki imene ija imapuma. Ikapanda kupuma..."

Koma barba Jerko sankamvanso. Maso awo anali pa benchi, pomwe panali dengu la nsomba lomangidwa ndi kachingwe ka buluu.

"Dengu ilo n'la ndani?"

"La barba Duje. Andibweretsera nsomba za ana. Si paja ndi bambo anga a ubatizo?"

"Eya," anatero barba Jerko. "Paja." Anakweza injini yawo pa wilibala n'kumapita. Madzulo ake m'kabuku muja munalowa dzina lachiwiri.

Chithupsa chinaphulika Lamlungu Misa itatha, amuna ali pa bwalo la pansi pa mitengo pomwe amagubuduzira mipira yawo. Barba Duje anaona mkulu wawo akudutsa n'kufuula.

"Mjeremani! Ndimakuonatu tsiku lililonse ukuvina gule ndi chingwe pa ndomo paja. Ukadzandiitana ndidzakuimbire ng'oma!"

Anthu anaseka. Barba Jerko anaima, makiyi n'kukhala chete m'thumba.

"Umandionadi. Umachita kudikirira."

"Ndimakhala m'munda, nanga maso ndiziika m'thumba?"

"Ukufuna nditope ndigulitse boti. Ukufuna mphete ya bambo ikhale yako wekha ngati kale."

Barba Duje anasekanso, koma kuseka kwake kunathera panjira. "Ukunena zoona, Jerko?"

"Mawa ndikuwoloka kupita kupolisi kutauni ya Biograd. Ukakafotokoze komweko za shuga wako."

Barba Duje anaika mpira pansi pang'onopang'ono, kutola chipewa, n'kuchoka.

Kwathu kuno abale amakangana tsiku ndi tsiku, za malire, za nkhuyu yogwera kwa mnzake, ndipo mawa lake amamwera khofi limodzi. Koma amene anafikitsana kupolisi sanayankhulanenso. Kumtunda kwa tchalitchi kuli nyumba imene anaimanga khoma pakati pa khitchini, ndipo zidzukulu za m'menemo zimadutsana pamsewu ngati alendo. Teta Vinka anawakumbutsa zimenezi amuna awo akulemba kalata ya kupolisi patebulo.

"Dzina la m'bale wako ukakalilembetsa pa pepala la boma silifufutika. Chibale n'fupa, Jerko, koma ngakhale fupa ukaliika pamwala n'kulimenya ndi hamala limasweka."

"Anayamba ndi iye."

"Unamufunsa?"

"Wakuba safunsidwa."

Lolemba m'mawa anakonza zonse monga ankachitira ku fakitale. Anathira petulo pang'ono m'botolo la jamu. Anatseka thanki, kukulunga tepi kuzungulira m'mphepete mwa chivindikiro, n'kusainira pa tepipo, kuti apolisi akaone kuti palibe watsegula. Kukwera sitima ya pamadzi yonyamula anthu anakana, ati anyamata a m'sitima amasewera makhadi ndi Duje. Komanso ankafuna apolisi akaione injini ndi maso awo.

Atafika kudoko anapeza teta Vinka atakhala kale m'boti, mpango kumutu, chikwama chakuda pamiyendo.

"Ukupita kuti?"

"Komwe ukupitako. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuona zopusa zako ndi maso anga, ya lero isandipite."

Boti lamatabwa panalibe pa mphete. Barba Duje anali atalawirira ku miono yawo. Kumwamba kunali koyera, koma pamwamba pa mapiri a kumtunda panali patagona mtambo woyera wautali, ndipo kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti umenewo ndi uthenga wa bura, mphepo ija yotsika m'mapiri mosagogoda. Barba Jerko anauona. Anati awoloka isanafike.

Anapitirira nyali yobiriwira. Kho, kho, zii.

Anakoka chingwe. Anakokanso. Dzanja linapita lokha pa chivindikiro monga mwa masiku onse, koma linakumana ndi tepi ndi siginecha yawo yomwe. Analibweza.

"Tsegula monga umachitira muja," anatero teta Vinka.

"Ndikatsegula umboni wafa."

"Ukapanda kutsegula tifa ndife."

Mphepo inafika ngati munthu wokankha chitseko ndi phewa. Nyanja inachita mawanga oyera. Boti lopepuka lija linatembenuka cham'mbali n'kuyamba kuyenda lokha kulowera ku matanthwe a pa ndomo. Barba Jerko anaponya nangula, koma pamenepo ndi pakuya, chingwe chinathera m'madzi osagunda pansi. Anatenga nkhafi, mphepo n'kumangowazunguza. Madzi anayamba kudumphira m'kati. Matanthwe anali atayandikira moti ankaona nkhono zomata m'mbali mwake.

Teta Vinka anavula mpango, kuima atagwira phewa la amuna awo, n'kuyamba kuukupiza.

"Usamuitane!"

"Duje! Dujeee!"

"Ndati usamuitane! Ndi zimene akufuna!"

Kuseri kwa ndomo kunamveka tu-tu-tu-tu, kulira kwa injini yakale ija ya dizilo. Boti lamatabwa linatulukira likudula mafunde, miono itasanjikizana kutsogolo. Barba Duje sanapereke moni. Anazungulira kumtunda kwa mphepo n'kuponya chingwe, chinagwera pamapazi pa mkulu wawo.

"Gwira, Mjeremani. Kapena ukufuna uchiyeze kaye ndi galasi?"

Barba Jerko anachiyang'ana chingwecho. Teta Vinka ndi amene anachitola n'kuchimanga.

Anawakokera m'kagombe ka kuseri kwa ndomo, momwe mphepo sifika. Maboti atagundana, barba Duje anasuzumira m'boti loyera lija, n'kuyang'ana thanki nthawi yaitali. Inali itafwapa m'mbali ngati mimba ya galu wosiyidwa. Anatola kampira kopopera kaja. Kanali kataphwa ngati nkhuyu youma.

"Usakhudze!" anatero barba Jerko. "Pali chidindo."

"Chidindo chako sindichifuna."

Pakati penipeni pa chivindikiro panali kabatani kakang'ono kopotokola, kamene tepi sinakaphimbe. Barba Duje anakagwira ndi zala ziwiri n'kukapotokola. Pfyooo! Thanki inakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kuti phu, mimba kubwerera m'malo. Anafinya kampira katatu mpaka kulimba.

"Koka."

Barba Jerko anakoka kamodzi. Injini inalira.

"Aka ndi kamphuno ka thanki," anatero barba Duje mokweza kuti amveke. "Petulo akamatuluka, mpweya uzilowa. Ukatseka, injini imayamwa, imayamwa, mpaka kusowa choyamwa. Ukatsegula chivindikiro kuti ufunefune shuga wako uja, umaipumitsa wekha osadziwa. Zaka zonsezi ku Jeremani sanakuphunzitse?"

"Ine sindinakakhudzepo kameneko. Chigulire." Barba Jerko anazimitsa injini. Maso awo anachepa. "Ndiye amatseka ndani?"



"Ka pakatiko?" anatero teta Vinka. "Ndimatseka ine."

Abale awiriwo anatembenuka limodzi.

"Nanga ndikanatani? Unabweretsa chithanki chako pansi penipeni pa nyama. Tsiku lachiwiri lomwe konoba yonse fungo la petulo, vinyo petulo, nyama petulo. Ndinanunkhiza n'kupeza kuti fungo likutulukira pa kabataniko, ndiye ndimati ndikapita kukatunga vinyo, ndimaona ngati n'kothina. Ndikanadziwa bwanji kuti chigubu chimapuma?"

Barba Jerko anawayang'ana akazi awo monga ankayang'anira zitsulo pa lamba.

"Anakutuma ndani?"

"Mphuno yanga, nkhalamba iwe!"

Barba Duje anaseka mpaka kukhala pansi pa miono, misozi ili chuchuchu. Koma mkulu wawo sanaseke. Anatulutsa kabuku m'thumba la jekete n'kutsegula tsamba loyamba.

"Chabwino. Nanga zala ziwiri za mu Epulo? Nanga mfundo ya bambo pa chingwe changa? Nazonso ndi mphuno ya Vinka?"

Kuseka kunaleka. Barba Duje anakanda m'khosi.

"Zija ndinatengadi ine."

"Ehe! Wamva, Vinka? Wamva?"

"Makina otchetchera anandithera mafuta ndili pakati pa munda. Ndinatsika, kukoka boti lako, n'kupopa pang'ono. Ndimati ndikuuze, ndinaiwala."

"Kuba ndi kuba."

"Ndinkatchetcha mbali yako, Jerko. Yanga ndinali nditamaliza. Udzu unali wofika m'chiuno, moto ukanabuka bwenzi mitengo ya bambo itapita yonse. Iwe chibwerere sunapondemo." Anamasula chingwe chake n'kuyamba kuchikulunga pa chigongono. "Injini yako ikuyenda tsopano. Mphepo ikangotsika, Biograd ndi uko. Mlandu uli nawo weniweni, ndipo wakubayo wavomera pamaso pa mboni. Pita."

Teta Vinka anangomanga mpango wawo n'kuyang'ana kumbali.

Barba Jerko anakhala ndi kabuku m'dzanja limodzi, botolo la jamu m'dzanja lina. Anayang'ana tsidya, komwe nyumba za Biograd zinkaoneka mbee padzuwa. Anayang'ana kumtunda kwa kagombeko, komwe munda wa azitona umatsikira kunyanja. Mbali zonse ziwiri zinali zotchetcha bwino, moti malire sankaoneka. Diso lawo lija linafunafuna mng'alu pamenepo, linafunafuna, osaupeza.

Anakanda tepi ndi chikhadabo, kuimatula yonse ndi siginecha yomwe, n'kutsegula chivindikiro. Anakhuthulira petulo wa m'botolo mu thanki, n'kugwedeza kuti dontho lomaliza ligwe.

"Ndi petulo wabwinobwino," anang'ung'udza. "Kumutaya n'kulakwa."

Anabwerera kudoko maboti awiri motsogozana, lamatabwa patsogolo. Pa mphete paja barba Jerko anamanga mfundo yawo, barba Duje n'kuiyang'ana, kupukusa mutu, kuimasula n'kumanga ya bambo awo. Barba Jerko anaona, koma anangoti kukhosi mhm.

Mawu oti pepa sanatuluke, ndipo palibe amene ankawayembekezera. Chimene tinaona ife n'chakuti Lamlungu lotsatira, Misa itatha, barba Jerko anadutsa pa bwalo lomwe lija anthu onse akuona, atasenza paphewa mwendo wathunthu wa nkhumba, waukulu pa yonse ya mu konoba. Anakautula patebulo la mng'ono wawo. Barba Duje anacheka kachidutswa kopyapyala, kukanunkhiza, n'kukweza nsidze.

"Ikununkha petulo."

"Bweza ndiye."

"Khala pansi, Mjeremani. Tenga mpeni uwo."

Kalata ija teta Vinka anayatsira moto. Thanki inabwerera kukagona m'boti, koma m'bokosi latsopano la loko, chifukwa munthu sasintha khungu atakalamba. Lokoyo anabwera ndi makiyi awiri. Wina analowa pa mulu wa m'thumba uja. Winayo barba Jerko anaupereka kwa mng'ono wawo, atauyang'ana kaye mbali zonse ziwiri.

Barba Duje anautaya sabata yomweyo. Mpaka lero barba Jerko amati sanautaye, anaubisa dala. Akatero amapotokola kabatani kaja, kutchera khutu kuti amve thanki ikupuma, n'kufunsa mng'ono wawoyo ngati akwere nawo.